Ndinachira, Koma Ndinkaopa Magazi Anga

Chizindikiro choyamba chinali polishi. Linali Lachiwiri m'mawa, mu June 2021, kukuzizira kwambiri. Ndinatsegula kachitini ka polishi wa nsapato amene timapaka ziboliboli kuti ziwale, ndipo sindinamve fungo lililonse. Ndinayandikitsa mphuno mpaka kuidetsa, koma ayi ndithu. Ndinati n'chimfine cha nyengo yozizira, ndipo sindinauze munthu.

Ntchito yanga ndi yosema, ku Mukuni Park, msika wa ziboliboli m'tauni yathu ya pafupi ndi mathithi. Anandiphunzitsa ndi ba Mubita, Mlozi wa ku Mongu, amene anadzakhala apongozi anga nditakwatira mwana wawo Namakau. Nthawi imeneyo alendo anali atasiya kubwera kudzaona mathithi, koma ife tinkapitabe kukasema kuseri kwa kashopu kathu, poti kukhala kunyumba manja ali lende sitinakuzolowere. Kagwiridwe kathu kanali kotere: iwo asema, ine ndisalaza ndi sandipepa, ndiuzira fumbi ndi pakamwa, kenako ndiwapatsa kuti aone ngati khutu la njovu lakhala bwino. Tinkakhala moyang'anizana, mawondo atangotsala pang'ono kugundana. Masiku atatu ndinauzira fumbi la mtengo wa mukwa kumaso kwawo, ndikudziwa bwinobwino kuti mphuno yanga yafa.

Lachisanu thupi linatentha, mutu ukuwawa, mafupa onse akuphwanya. Namakau sanafune zokambirana, ananditengera kukiliniki. Anandipisa kamtengo ka thonje m'mphuno n'kundiuza kuti ndi kovidi. Pofika Lolemba ndinkalephera kuyenda kuchokera pabedi kukafika pakhomo osapumira, ndipo anandigoneka m'chipatala.

M'wodi muja masiku ankafanana. M'mamawa anamwino ankabwera atavala mapulasitiki thupi lonse, maso okha akuoneka. Ankatipana chala ndi kachipangizo koyeza mpweya, n'kutiuza kuti tigone chafufumimba. Abale sankaloledwa kulowa. Namakau ankasiya chakudya pageti m'kontena yolembedwa dzina langa, ndipo ndinkadya osamva kukoma, kungoti asabwerere nayo yodzaza. Ntchito ina yonse inali kudikira basi: kudikira dokotala, kudikira nambala ya pachala ikwere.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Namakau anaimba foni kuti bambo ake nawonso awagoneka, m'wodi ina. Patapita masiku anayi anaimbanso, ndipo ndinadziwa asanayankhule. Anawaika m'manda ine ndili ndi machubu m'mphuno. Ndinatuluka nditagona masiku khumi ndi awiri, dokotala n'kunena kuti mapapo anga ali bwino ndipo sindingapatsirenso munthu.

Thupi linachiradi. Pofika September fungo linali litabwerera. Koma ndinayamba matenda ena amene sindinkadziwa kuti ndi matenda. Tulo tinandithawa. Mtima unkagunda ngati ndathamanga pamene ndangokhala. Poyankhula ndi Namakau ndinkatembenuzira nkhope kumbali, ndipo mwana wathu Sepo, wa zaka zinayi, akathamangira m'manja mwanga ndinkamugwira m'mapewa n'kumukankhira kwa mayi ake. Ndinkadyera pakhonde ndekha. Kuntchito ndinagula kaburashi kochotsera fumbi, koma ndikayang'ana kampando kopanda munthu kutsogolo kwanga ndinkaika zida pansi, mpaka ndinangosiya kupitako. Kwa apongozi anga aakazi ku Simonga sindinapondeko ngakhale kamodzi.

Anthu a kutchalitchi ankandiyamikira. Ankati taonani mkamwini wolira apongozi ake mpaka kuonda. Kunena zoona, ndinkafuna kuwathamangitsa ndi mpini. Ine ndinkadziwa chimene iwo sankadziwa, ndipo ndinkaopa kuti tsiku limene Namakau adzamve za masiku atatu aja, banja langa lidzathera pomwepo.

Mu March chaka chotsatira, mng'ono wake wa Namakau, Inonge, anataya magazi ambiri pobereka. Abale anagwirizana kuti aliyense wamphamvu apite akapereke magazi. Ine ndinakana. Namakau anandiyang'ana, chitenje chili m'manja.

"Imwe ba tate ba Sepo, batate banga banakusungani monga mwana wao. Manje lelo mukana che magazi?"

Anatuluka osatseka chitseko. Ndinamutsatira chifukwa cha manyazi, osati chifukwa cha mtima wabwino.

Kumalo operekera magazi tinakhala pabenchi pafupifupi maola awiri. Nthawi yanga itakwana, namwino wachikulire anandiyeza sikelo, anandibaya chala, n'kuyamba kundifunsa mafunso a pafomu. Atafunsa ngati ndinadwalapo matenda aakulu, mawu anangotuluka okha.

"Ba sisita, magazi yanga ni yoipa. Ine ninapaya muntu."

Namwinoyo sanadzidzimuke. Anaika cholembera pansi, anatseka chitseko, n'kunena kuti ndiyambire pachiyambi. Ndinafotokoza zonse, za polishi, za fumbi, za masiku atatu. Aka kanali koyamba kuziyankhula m'miyezi isanu ndi inayi.

"Sinizakunamizani kuti niziba wamene anapasa bapongozi banu matenda," anatero. "Kulibe angazibe. Koma kadoyo kanachoka kudala mu tupi yanu. Magazi yanu yali che bwino. Mutima ndiye udwala, na uyo tili nao munkwala."

Anandifotokozeranso kuti magazi akawalekanitsa pamatuluka madzi achikasu otchedwa pulasima, ndipo kuti mliri utavuta, m'mayiko ena ankachita kupempha anthu ochira ngati ine kuti apereke madzi amenewo, madokotala ayesere kuthandiza nawo odwala. Anati Inonge wapatsidwa kale magazi a munthu amene sitimudziwa, ndipo anga akawayeza adzapita kwa winanso amene sindidzamudziwa. Ndinagona pakabedi, singano ili pamkono, ndikuyang'ana kathumba kakudzaza pang'onopang'ono. Ndinalira, ndipo namwino ananamizira kuti akulemba fomu.

Ndisakunamizeni kuti ndinachira tsiku limenelo. Ndinapepukidwa masiku awiri okha, lachitatu mantha anabwerera. Chimene chinandithandiza ndi kakalata kamene namwino uja anandilembera, kopita kwa aphungu a za maganizo. Ndinkapitako Lachinayi lililonse m'mawa. Pabenchi pamenepo ndinapezapo anthu wamba, mayi wogulitsa masamba, dalaivala wa takisi, aliyense atafumbata kabuku kake. Dokotala anati ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo amagwira anthu ambiri amene anadwala kwambiri kapena kuferedwa. Anandipatsa kambewu kamodzi ka mankhwala patsiku. Panapita masabata atatu ndisanagone tulo teniteni.

Phunguyo ndi amene anandikonzekeretsa kuuza Namakau. Ndinamuuza Lamlungu masana titabwera kutchalitchi. Sanakuwe ndipo sanalire pamaso panga. Anakhala masiku awiri akungondiyankha kuti inde kapena ayi, ndipo masiku amenewo anali owawa kuposa a m'wodi. Lachitatu m'mawa anandisitira malaya n'kunena kuti tikupita ku Simonga, nkhaniyi si ya iye yekha.

Chikwatirireni, ine ndi apongozi anga aakazi sitinakhalepo pamphasa imodzi. Ngakhale madzi akumwa ankawaika pansi kuti nditenge ndekha, poti ndiwo ulemu wake. Tsiku limenelo ndinakhala chapatali, ndinaomba m'manja, n'kufotokoza maso ali pansi. Nditamaliza, apongozi anayankha.

"Kapena ni imwe, kapena si imwe," anatero. "Mudala wanga enze kukwela mabasi, enze kuyenda ku malilo. Mulungu ndiye aziba. Ine chinanibaba ni chakuti miyezi yonse iyi simunabwele. Nenze kuyangana ku njila. Nataya mwamuna, manje nitaye na mwana?"

Kenako anadzuka, anayenda mpaka pamene ndinakhala, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Namakau anaphimba nkhope ndi chitenje.

Lero ndili bwino. Mankhwala ndinasiya mwa malangizo a dokotala, ngakhale nyengo yozizira ikayamba mtima umalemerako ndipo ndimabwerera kwa phungu osachita manyazi. Ndinabwerera kuntchito, ndimanyamula Sepo mpaka msana kudandaula, ndipo magazi ndimapereka nthawi yake ikakwana.

Kwa inu amene mukuwerenga, mukaona chachilendo m'thupi musadzipime nokha, pitani tsiku lomwelo ndipo muuze amene mumakhala nawo pafupi. Mukachira koma tulo osabwera, mukuthawa ana anu, mukudziimba mlandu usana ndi usiku, amenewonso ndi matenda ndipo kuchipatala amawadziwa. Musadikire kuti wina achite kukufunsani pafomu ngati ine, chifukwa pamene inu mukubisala, pali wina amene akukudikirani. Ine tsopano ku Simonga ndimapitako Loweruka lililonse. Apongozi anabwerera ku ulemu wawo wakale, ndipo chiyambire tsiku lija sanandigwirenso dzanja. Kamodzi kaja kanandikwana.