Anazale ndi Ludzu la Bulugamu

Dzina loti Anazale limamveka ngati la chiwongo, koma analitola kuntchito. Ali mtsikana analembedwa ku nazale ya kampani ya mapolo, ndipo anakalambira komweko: kuthira dothi m'machubu, kuwokera mbande za bulugamu, kuthirira m'mawa ndi madzulo ndi keni yodontha. Mbandezo ankazitchula kuti ana awo.

Pamene ankayamba ntchito, phiri la kuseri kwa nyumba linali la mitengo yachilengedwe, mikuyu ndi katope m'khwawa, pansi masamba owolerana ofika m'akakolo. Mvula inkalowa m'menemo ngati m'bulangete, n'kumatuluka pang'onopang'ono pa kasupe mpaka kudzakumana ndi mvula ina. Kampani inagwetsa zonsezo n'kudzala mizere ya bulugamu. Anazale ankainyadira mizereyo. Ankati nkhalango yakale inali ya njoka ndi anyani, koma iyi ndiye yaulemu, yoti ukaima kuno umaona tsidya.

Bulugamu anakula msanga, ludzu lake n'kukula naye. Masamba ake sawola msanga, ndipo pansi pake pali gwa ngati simenti. Mvula ikagwa, madzi amatsika tsiku lomwelo, ofiira, atatenga ndi nkhuku za eni, kenako basi. Chilimwe chikafika kasupe amatseka pakamwa. Amayi amafukula mchenga wa mumtsinje n'kudikira kuti kadzenje kadzaze kapu.

Pakadzenjepo Anazale sankapuma. Anzawo ankati ana a Anazale amwa kale, ife tinyambite makapu. Iwo ankayankha kuti dzuwa ndilo lasintha, anthu achulukanso ngati nyerere, ndipo amene akudana ndi bulugamu akayambe wazula mapaso a denga lake.

Mwana wawo yekhayo amayendetsa lole, kunyumba amangosuzumira. Anawasiyira mpongozi, mtsikana wosalankhulalankhula, ndi khanda lomwe Anazale ankalitcha Abwana. Mpongoziyo madzi ankawaphitsa, kuwasefa pansalu, kuwayang'ananso padzuwa. Otsukira mbale ndiwo ankachapira matewera. Komabe Abwana anayamba kutsegula m'mimba. Liwombo linalowa, maso anagwa, kulira kwake kopanda misozi. Kuchipatala anamwino anafunsa kumene amatunga madzi, ndipo atauzidwa anangopukusa mutu n'kupitiriza kufunafuna msempha pakadzanja.

Mwana anachira, koma anabwerako wopepuka ngati mtolo wa udzu. Mpongozi anagwada nanena kuti akufuna akakhale kwa amayi ake mpaka mvula, poti kumeneko phiri lidakali ndi mitengo yake ndipo mtsinje suphwa. Anazale anamva bwinobwino. Mvula ikadzabwera madzi adzakhala matope, ndiye adzati mpaka matope athe. Abwana adzayamba kuyenda, kulankhula, osawadziwa.

M'mawa mwake Anazale anatenga khasu ndi ndowa n'kukwera kumene kunali kasupe. Malowo anawazindikira ndi mwala wosalala umene ankatulapo mitsuko. Anakumba. Pansi pa dothi panali mizu yokhayokha, yopyapyala, yolukana ngati chiguduli, ndipo masamba amene ankaponda ankanunkha mankhwala a chimfine. Anafika m'mawondo, anafika m'chiuno. Dothi linkangofumbuka.

Mlonda wa kampani anawapeza ali m'dzenjemo.

"Mwapeza golide, mayi? Mutigawireko."

Kenako anawauza mwaulemu kuti akwirire, chifukwa akuvulaza mizu. Anawagwira dzanja kuwatulutsa, naimirira pompo mpaka anakwirira.

Pofika kunyumba anapeza chikwama chili pakhomo, mpongozi akumveka mwana chipewa. Mtsikanayo anayang'ana m'ndowa, kenako nkhope yawo.

"Mawa ndikayesa chakumunsi," anatero Anazale. "Pali kachinyontho ndithu."

"Amayi, mwanayu alibe mawa ambiri oti tiziyeserapo."

Anazale anafuna kukalipa, kunena kuti iwo analera mwana m'nyumba yomweyi ndipo sanafe. Koma amene analeredwayo anamwa madzi a kasupe. Anangopempha kuti awabereke Abwana mpaka kumsewu, mpongozi n'kuvomera.

Anayenda pang'onopang'ono dala. Minibasi sinachedwe ngati masiku ena. Kondakitala anali atalanda kale chikwama pamene mpongozi ankamasula mwana kumsana kwawo. Mpongoziyo anati akafuna kumuona mwanayo azibwera, khomo n'lotsegula, chitseko cha galimoto n'kutsekeka.

Fumbi litatsika, Anazale anamva kuzizira kumsana. Abwana anali atawakodzera. Anagwira nsalu yonyowayo n'kuyamba kuganiza zoichapa, koma madzi ake akanachokera kuti? Asanafike n'kunyumba komwe, inali itauma.