Tsaya Lotupa ndi Botolo la Masiwiti

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi seveni, tikukhala ku Chinyunyu. Atate anali ndi kantemba m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo ine ndinkagulitsamo ndikaweruka kusukulu. Pa shelefu pankakhala botolo la masiwiti ofiira, amene ankanunkhira kwambiri malata akatentha.

Ndiye tsaya langa lakumanzere linayamba kutupa. Kumapeto kwa chibwano nkhama inafufuma, yotentha, moti chimanga chowotcha ndinkatafunira mbali imodzi. Atate sanayang'ane m'kamwa mwanga ayi. Anayang'ana botolo.

"Dzino siliwawa chabe," anatero. "Iwe ukudya katundu wanga."

Ndinalumbira, koma munthu wotupa tsaya ndani angamukhulupirire? Kuyambira tsikulo ankandinunkhiza m'manja, kunditulutsitsa lilime kuti aone ngati lafiira, ngakhale kundipisa m'matumba a yunifomu. Amayi ankandipatsa madzi a pa kasupe wotentha wa m'deralo kuti ndichukuche, uku akundiyang'ana cham'mbali ngati kuti madziwo andiululitsa. Dzino linkawawa ndithu, koma chimene chinkandipweteka kwambiri n'kutchedwa wakuba m'nyumba mwathu momwe.

Pakamwa patayamba kukana kutseguka, atate anapita nane kuchipatala ku Mpanshya. Njira yonse mu minibasi ankandiuza kuti dokotala akaona mabowo a shuga, ndipo bodza langa likathera pomwepo.

Dokotala, mayi wamfupi wovala magalasi, anandijambula ekisileyi n'kuiimika pawindo. Bowo panalibe. Dzino lalikulu lachiwiri la m'chibwano, lija limamera pa msinkhu umenewo, linali litagona cham'mbali mkati mwa nkhama, likukankha linzake.

"Si masiwiti, ba tate," anatero. "Lasowa chabe njira yotulukira. Sivichitika ku bana bambiri, koma timavionako."

Atate anafunsa kawiri ngati shuga sangagonetse dzino. Dokotala anaseka, n'kundicheka nkhama pang'ono kuti dzinolo lipeze potulukira. Tsaya linaphwa, koma atate sanapepese, tsikulo ngakhale lina lililonse.

Masiku ano mwana akadandaula timathamangira naye kukiliniki, ndipo ine ndinkadziyesa kholo lamakono. Koma chaka chatha mwana wanga Tisa atabwera atagwira tsaya, ndisanamuuze n'komwe kuti ayasamule, ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Wadya chani iwe?" Anandiyang'ana misozi ili lengelenge. Ndinagwada n'kumupepesa pomwepo.