Foni ya Msonkhano Yandiphera Chinkhoswe

Byulo ya foni ija ya pa Mitundu, yoyang'anizana ndi osoka nsapato, yandivula pagulu. Ine munthu wamkulu, nkhoswe!

Mwana wa mlongo wanga, Yohane, anapeza mbeta ku Nathenje, dzina lake Enelesi. Chinkhoswe chinali Loweruka, tambala wokapereka kuchikazi nditagula kale. Lachitatu Yohane akubwera maso ali pansi, akuti malume, ndili ndi mwana ku esiteti. Nkhani yotere timayamba tanong'onezana ankhoswe okhaokha, kenako n'kukaitula kwa makolo mwaulemu. Ndinatuma uthenga kuti a Chimbalanga, nkhoswe wa kuchikazi, akadikire foni yanga Lachinayi m'mawa pa byulo ya kwawo.

Ndikufika pa byulo ya pa Mitundu Lachinayilo, mwini byulo akungomwetulira pa kompyuta. Akuti mafoni ake atatu tsopano akuyendetsedwa ndi pulogalamu yaulere, yolembedwa ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana, ndipo m'mawa womwewo waika yatsopano. Ine zikundikhudza pati? Ndinalowa m'kachipinda, n'kutseka chitseko bwinobwino.

Titapatsana moni ndinaikhuthula yonse, dzina la mayi wa mwana, esiteti yake, zonse. Wina anatsokomola, ine n'kumati ndi a Chimbalanga. Nthawi yomweyo mawu achizimayi anatulukira m'fonimo:

"Pepani bambo, mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

Ndisanapume n'komwe, wina wachibambo akufunsa ngati ndi Yohane wa njinga yofiira uja. Anali anthu a m'tizipinda tinato, mafoni onse atatu atalumikizana. Mayiyo amaitanitsa tomato kwa mnzake wa pamsika wa Nathenje, ndipo mnzakeyo wamvanso zonse.

Ndinatuluka n'kulunjika kwa mwini byulo. Mwini byulo akuti palibe chawonongeka, imeneyo ndi mbali yatsopano yochitira msonkhano, anangoiwala kuizimitsa atayesa. Msonkhano? Ndinaitana ndani ine? Kapena ufulu wolankhula wa matipate uja wafika mpaka m'foni za eni? Akuti awalembera amene amaikonza, mwina yotuluka mwezi wamawa izichenjeza. Kenako akuti chinthu chaulere sitidandaula nacho kwambiri. Chaulere kwa ndani, poti ine anandilipiritsa ngati kale?

A Chimbalanga asanafike pakhomo, mayi ake a Enelesi anali atamva kale kwa wogulitsa tomato. Akuti mwanayo akanamulandira, koma kumva pamsika ayi, tawanyoza. Chinkhoswe chalephereka. Yohane sakundipatsa moni, ndipo zikundiwawa, chifukwa mnyamatayu anaulula kwa ine yekha pondikhulupirira.

Abale anga, mukalowa mmenemo muziyamba mwafunsa kuti tilipo angati. Ndipo inu a byulo, tambala uja ali kwanga, akundithera chimanga. Bwerani mudzamunyamule, mupite naye ku Nathenje, mukawafotokozere mayi aja za pulogalamu yanuyo.