Dothi la Pachulu cha M'munda Mwanga

Zaka zanga zambiri zinathera kunazale ya tiyi, kuthira dothi m'machubu akuda apulasitiki odzalamo mbande. Mbande zikapita kukawokedwa, machubu ong'ambika ankangounjikana ngati phiri. Ine, poti sindifuna kuona chinthu chikutayika, ndinkawasenza kupita nawo kwathu ku Nchilamwela n'kuwayala m'munda kuti azisunga chinyontho, monga tinkachitira ndi nthambi zodulira tiyi. Dzuwa likawaomba ankafumbutuka, khasu n'kuwasakaniza ndi dothi. Ndinkachita kunyadira kuti aola, asanduka manyowa. Anzanga ena mpaka anatengera nzeru imeneyi kwa ine, mayo ine!

Kumapeto kwa munda umenewo kuli chulu. Mwana wanga wamkazi, wokwatiwa ku Bvumbwe, atakhala ndi pakati, anayamba kulakalaka dothi monga tichitira azimayife. La pamsika ankalikana, ati silinunkhira. Ankafuna la kwawo. Ndiye ndinkagema m'munsi mwa chulucho, kuliwamba pachiwaya, n'kumupititsira m'kajumbo. Miyezi isanu yathunthu, osaphonya.

Tsiku lina ndinapeza mwamuna wake ali pakhomo. Ndi mphunzitsi wa sayansi kusekondale, munthu wofatsa mpaka kunyansa. Ananyema kachibuma kamodzi ka dothi ndinabweretsalo, n'kukayang'anitsitsa padzuwa. Kenaka anadzanjuta poteropo, monga achitira mkamwini.

"Amayi, timadontho takudati n'chiyani?"

"Manyowa amenewo," ndinatero.

Anapukusa mutu. Anati pulasitiki saola, amangosweka. Amaswekabe, kuswekabe, mpaka kukhala fumbi loti diso silingaone. Mvula ikagwa fumbilo limatsikira kumtsinje, kukalowa mu Shire, mu Zambezi, mpaka kunyanja yamchere ku Mozambiki kumene kunachokera makolo athu. Kumeneko akuti kuli tizamoyo tosaoneka timene timakakamira pafumbilo, tina n'kumalimeza, nsomba zing'onozing'ono n'kudya tizamoyoto, zazikulu n'kudya zazing'onozo.

Mtima unandiwawa. Ndinaiwala n'zaulemu zomwe.

"Aphunzitsi, za nsomba za ku Mozambiki zisiyeni! Ine ndikufunsa za amene ali m'mimbayu. Chimufika kapena ayi?"

Anayang'ana pansi. "Amayi, ngakhale ophunzira kwambiri akufufuzabe. Sindinganame kuti ndikudziwa."

Ha! Sukulu yonseyo, yankho lake n'kukhala limenelo? Mwana wanga anali pamkeka pomwepo, dzanja lili pamimba. Ndinalakalaka akanandikalipira.

M'mawa mwake ndinatenga sefa ya ufa n'kupita nayo kuchulu. Ndinasinja dothi, kusefa, kusefanso kawiri. Tizidutswa takuda tinatsalira pamwamba, todzaza chikhatho. Dothi lapansi linali lofiira bwino, losalala. Ndinakwera nalo minibasi ndili ndi kamtima koti ndakonza.

Mkamwini uja analandira ndi manja awiri, koma sanalipereke kwa mkazi wake.

"Zimene zatsala pasefa si zimene ndikuopa, amayi. Ndikuopa zimene zadutsa."

Ndinakhala pakhonde paja ngati wathiridwa madzi ozizira. Nanga ndisefe ndi chiyani? Munda wonsewo ndinaukonkha ndekha, ndi manja angawa, chaka ndi chaka, ndikuimba nyimbo. Palibe kapitawo anandituma. Ndipo si dothi lodya lokha ayi: chinangwa, nandolo, mpiru, zonse zimene mwanayu wakulira zinamera momwemo. Munda wake ndi womwewo umene ndidzamusiyire, wina ndilibe.

Dothi lija ndinabwerera nalo. Ndinasowa pokalitaya, chifukwa paliponse mvula ikalipeza. Mpaka lero lili m'chitini kuseri kwa chitseko.

Mwana anabadwa mvula itangoyamba, wamkazi, tsitsi lambirimbiri. Anamwino atamuika pasikelo anati ali bwinobwino. Ndinawatsatira mpaka pakhomo, n'kuwanong'oneza ngati pali makina oyezera pulasitiki m'thupi mwa khanda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Agogo, kasangalaleni. Mwana ali ndi vuto lanji?"

Ndinabwerera m'chipinda muja. Mwana wanga anandipatsira khandalo akumwetulira, ati ndimuone ngati wafanana nane. Ndinamufunyulula, kuwerenga tizala tonse, kuyang'ana m'kamwa, m'makutu, kunsi kwa timapazi. Ndinamutembenuza n'kuyambiranso.

"Amayi, mukufuna chiyani?" anafunsa mwana wanga.

Ndinamufunditsa msangamsanga, n'kunena kuti ndimaona mphuno.