Ndinaphunzitsa Mwana Wanga Kumanga Munthu

Ndinavomera kupita ku Nampula ndisanafunse n'komwe kuti filimuyo ikunena za chiyani. Anthu atatu a ku Maputo anafika pasukulu ya kwathu, mbali ya nyanja ya Chiuta, kufuna mnyamata wolankhula Chinyanja, wopanda manyazi, woti akasewere mufilimu. Mwa ana onse anasankha wanga, Lusiyano, wa zaka khumi ndi chimodzi. Palibe anadabwa, chifukwa mwana ameneyo ankatengera kayendedwe ka aphunzitsi ake mpaka eni akewo kugwa ndi phwete. Anthu a filimuwo anati mwana sangapite yekha, ndipo kholo lomuperekeza alipatsa ntchito yonyamula katundu. Chaka chimenecho chimanga chinali chitakanika, denga lathu likudontha paliponse. Mkazi wanga Rozina sanachedwe nazo. "Pitani, bambo a Lusiyano," anatero. "Pano mukudikira chiyani, kuti udzu usanduke malata?" Ndinasaina pepala lawo tsiku lomwelo.

Nkhani ya filimuyo ndinaimva tili kale m'sitima, titachoka pa Cuamba. Inali ya nkhondo yathu. Lusiyano anayenera kukhala mwana wogwidwa ndi anthu a m'tchire, n'kumusandutsa mmodzi wa iwo. Mwanayo anadumpha ndi chimwemwe atamva kuti agwira mfuti. Ine ndinayang'ana pawindo mpaka tinafika.

Apa ndiyenera kunena chimene ndinali ndisanauzepo munthu. Mtendere utabwera, anthu atayamba kubwerera kuchokera ku Malawi ndi mitolo pamutu, ine ndinangolowa pakati pawo. Wofunsa aliyense ndinkamuuza kuti nkhondo yonse ndinali ku Malawi. Zoona zake, kumeneko ndinakhalako chaka chomaliza chokha. Zaka zitatu za m'mbuyo mwake ndinali m'tchire. Anandigwira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo poti ndinali wamng'ono, ntchito yanga inali yomanga anthu ogwidwa.

Nditakwatira Rozina ndinakamanga nyumba kwawo, monga timachitira. Panapita miyezi ndisanazindikire kuti mudzi umenewo ndinafikamo kale. Nyumba zakale zinapsa, zatsopano anamanga pena, koma nkhope za anthu zinali zomwezo. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Abiti Saidi, mwamuna wawo ndinamumanga ine, iwo ataima pakhomo mwana ali kumsana. Mwamunayo tinapita naye. Atalephera kuyenda, akuluakulu anatsala naye m'bango, ife ana n'kupitirira. Kuyambira tsiku limene ndinawazindikira, ndinkawapatsa moni m'mawa uliwonse mtima uli m'malere. Ndinkadzilimbitsa kuti kamwana kotuwa ka tsiku lija sangakafanizire ndi mwamuna wandevu ine. Mantha anga anali amodzi okha: kuti tsiku lina adzandiyang'anitsitsa, ndipo Rozina ndi ana adzamva kuti ndine ndani.

Ku Nampula anatipatsa kachipinda kamodzi kuseri kwa msika. Ntchito inkachitikira kunja kwa mzinda, kumene anamanga mudzi wabodza woti adzauotche. Kumeneko zinthu zinatembenuka: mwana pampando, pamthunzi, akudya nkhuku, bambo ake kuseri kwa lole, akudya nyemba ndi anzawo onyamula nyale ndi zingwe za magetsi. Sindinadandaule. Chimene chinkandipweteka chinali kusowa wolankhula naye. Anzangawo ankacheza m'Chimakuwa, akuluakulu m'Chipwitikizi, ndipo tsiku linkatha pakamwa panga patangotuluka mawu akuti inde. Lamlungu lililonse ndinkaimba foni ya aphunzitsi a kwathu, imene inkagwira pachulu chimodzi chokha. Rozina ankakwera pachulupo n'kumakuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo. Ankandiuza za mbuzi, za mvula, za amene wadwala. Ndalama ndinkatumiza ndi dalaivala wa shapa, minibasi yopita kwathu, ndipo zinkafika.

Tsoka linabwera mwezi wachiwiri. Tsiku limenelo Lusiyano anayenera kumanga mkulu wina wa imvi, wosewera wa ku Beira, amene mufilimumo anali mphunzitsi wogwidwa. Anamupatsa chingwe cha khonje n'kumuuza kuti amange manja kutsogolo. Mkuluyo akangogwedezeka, chingwe n'kugwa. Anabwereza, chinagwanso. Dzuwa linafika pamutu akubwerezabe, mpaka mkulu wa filimu, bambo wamfupi wosachedwa kupsa mtima, anaponya chipewa pansi. Chipwitikizi changa n'chopunduka, koma apa ndinamva zonse. Anati mwanayu manja ake ndi aphala, mawa ayese wina. Lusiyano anandiyang'ana misozi ili m'maso. Chichokereni kwathu anali asanalirepo.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza. Ndinatula nyale pansi, ndinatola chingwe chija n'kuchiviika mundowa ya madzi. "Munthu samangidwa kutsogolo," ndinatero, "ndiponso samangidwa m'manja." Ndinamutembenuza mkulu wa imvi uja, kukokera zigongono zake kumbuyo mpaka zinatsala pang'ono kugundana, kuzunguliza kawiri, kulowetsa nsonga pansi, kukoka. Mfundo imeneyo munthu akamalimbana nayo m'pamene imalimba, ndipo chingwe chikamauma chimalowa m'thupi. Zaka zonsezo manja anga sanaiwale kanthu. Mkuluyo anabuula, kubuula kwenikweni, osati kwa filimu. Kenako mkulu wa filimu anawomba m'manja, anandikumbatira, nati zimenezi ndiye ankafuna.

Kuyambira tsiku limenelo sindinanyamulenso nyale. Anandisandutsa mlangizi, malipiro anakwera, nkhuku ija inandipeza. Palibe anandifunsa kumene ndinaphunzira. Mkulu wa ku Beira yekha ndiye anasiya kundipatsa moni. Ndipo ndisaname, ndinakondwa. Kwa nthawi yoyamba anthu ophunzira ankakhala chete ine ndikamalankhula. Ndinamuphunzitsa mwana wanga pomwe amaika bondo pamsana pa munthu. Ndinamuuza kuti asamayang'ane nkhope, aziyang'ana chingwe, chifukwa ukayang'ana nkhope manja amafooka. Anazigwira m'masiku atatu.

Tsiku lina tikuchapa pampopi anandifunsa. "Ababa, kumanga kumeneku munaphunzira kuti?"

"Pomanga mbuzi."

"Mbuzi ili ndi zigongono?"

"Tsukuluza malayawo, sopo akutha."

Lamlungu lotsatira Rozina anafunsa za mwana, ine n'kumuuza kuti aliyense akumutama. Sindinamuuze kuti anasiya kutengera kayendedwe ka anthu, ndi kuti akakhala yekha ankamanga miyendo ya mpando, kudula chingwe, kumanganso china.

Tinabwerera patatha miyezi isanu, malata ali pamwamba pa shapa, njinga yatsopano, ndi akapulana, zitenje za Rozina ndi apongozi. Ndinagulanso kapulana mmodzi wa Abiti Saidi, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ndinkafuna kugula naye. Analandira ndi manja awiri, nathokoza. Anthu anabwera kudzaona mwana wa mufilimu, ena kumugwira tsitsi, ena kufunsa ngati azungu amadyadi achule. Lusiyano anabwerera kusukulu, ine kumunda. Mvula ikamagwa pamalata ndinkati ulendo uja unali wabwino.

Patapita chaka filimuyo inafika pamsika wa Chiuta, m'baraka, kachisakasa ka mnyamata wina woonetsa makanema ndi jenereta. Linali tsiku la msika, masana, ndipo mudzi wonse unapita. Abiti Saidi anakhala pamphasa kutsogolo ndi mdzukulu wawo Amina. Itafika nthawi yomanga ija, manja a Lusiyano anadzaza kanema yense, chala chilichonse chikuoneka, kuzunguliza kawiri, nsonga pansi, kukoka. Anyamata anaimba mluzu. Ine sindinaone kanemayo, maso anga anali pamutu pa Abiti Saidi. Mutuwo sunagwedezeke. Potuluka anandipeza pakhomo n'kunena kuti, "Mwana wanu ngwaluso, bambo a Lusiyano." Ndinakwera njinga ndikuti ndapulumuka.

Sabata yomweyo ana a m'mudzi anayamba masewera atsopano kuseri kwa sukulu, akuti filimu. Aliyense ankafuna kukhala Lusiyano. Tinkawamva akukuwa mawu a Chipwitikizi amene sankawadziwa tanthauzo, ndipo ine ndinkaseka limodzi ndi makolo ena.

Lachisanu lina m'mawa ndikumata tayala la njinga pabwalo, Abiti Saidi analowa akukankha Amina patsogolo. Mwanayo anali wa zaka zisanu ndi ziwiri. Manja ake anali kumbuyo, zigongono zitagundana, zala zitatupa, ndipo anali atalira mpaka mawu kutha. Kumbuyo kwawo kunali Lusiyano, mutu uli pansi. Rozina anatuluka m'nyumba, amayi ena anaima kumpanda.

"Mmasuleni," anatero Abiti Saidi.

Ndinagwada. Chingwe chinali cha khonje, ndipo anali atachinyowetsa monga ndinaphunzitsira. Ndinakoka apa, chinalimba. Ndinakoka apo, mwana anakuwa. Thukuta linandilowa m'maso. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mfundo imeneyi sindinaimasulepo chibadwire. Kumene ndinaphunzira kumanga kunalibe phunziro lomasula, ndipo ku Nampula ankangodula.

"Rozina, mpeni!"

"Mpeni ayi," anatero Abiti Saidi. "Chalowa m'thupi, mumucheka. Senderani."

Anagwada pomwe ndinali ine. Anapanikiza zigongono za mwanayo kuti ziyandikane kwambiri, analuma chingwe cha pansi ndi mano, n'kukankha nsonga ndi chala chachikulu kubwerera komwe inalowera. Chingwe chinagwa. Anayamba kumusisita mwanayo manja, ndipo polankhula sanandiyang'ane.

"Ndinaimasulapo kamodzi. Amuna anga tinawapeza m'bango tsiku lachitatu. Kwathu munthu sitimuika m'manda ali womangidwa. Tsiku limenelo inanditengera m'mawa wonse."

Kenako ananditchula dzina langa lenileni.

"Iwe, Bonifasiyo, ndinakuzindikira tsiku lomwe unabwera kudzafunsira Rozina. Ukuyesa munthu angaiwale nkhope ya amene anamanga mwamuna wake? Tinakhala pansi, ine, amake Rozina ndi amalume ake. Tinati anali mwana, anachita kumugwira ngati mmene anagwirira athu. Msiyeni akwatire, alime. Zimene manja ake akudziwa adzapita nazo kumanda, zithere pomwepo."

Ndinatembenukira kwa Rozina. Sanadabwe. Ankayang'ana pansi, atagwira nsonga ya kapulana wake. Amayi a kumpanda aja nawonso palibe anadabwa.

"Ife mbali yathu tinasunga," anapitiriza Abiti Saidi. "Za tsiku lija sindikufunsa, unali mwana. Koma izi wachita uli ndi ndevu. Pita kuseri kwa sukulu ukaone, ana onse a m'mudzi muno akudziwa."

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo, ngakhale m'tchire. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti ndikukhala pakati pa anthu amene ndinawapusitsa. Chikhalirecho ndinkakhala pakati pa anthu amene ankandidziwa, n'kumandiyankha moni, kundibwereka khasu, kundiitana kumaliro ndi kumaukwati, akudikira moleza mtima kuti chinthu chimodzi chife ndi ine. Mtendere wa m'mudzi mwathu sunabwere ndi mapepala a akuluakulu ayi. Anaupanga amayi ngati amenewa, ndipo ine ndinakaugulitsa ku Nampula osadziwa kuti ulipo.

Abiti Saidi anatola chingwe chija n'kuitana Lusiyano. "Bwera kuno, mwanawe. Omanga achuluka, womasula ndatsala ndekha, ndipo mano anga akutha. Uphunzire lero, mawa ukaphunzitse anzako." Anayang'ana uku ndi uku pabwalopo, kufuna woti aphunzirirepo.

Ndinatembenuka ndili chigwadire, n'kupereka manja kumbuyo. Lusiyano anazengereza, kenako ndinamva bondo lake pamsana panga. Anamanga bwino, monga ndinamuphunzitsira. Ululu unayambira m'mapewa n'kutsikira m'zala, ndipo aka kanali koyamba kuti ndiudziwe. Ndinamva Abiti Saidi akumuuza poika chala, pogwira ndi mano, mwanayo akulira mwakachetechete, misozi yake ikundigwera pamkono. Anachedwa nacho kwambiri, ndipo Abiti Saidi sanamufulumizitse.