A Kasuba ndi Anyani a ku France

A Harrison Kasuba anayendetsa basi ku Peckham, kudziko la azungu, zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo zaka zonsezo sanawerengepo buku lina kupatula Baibulo ndi kabuku ka malamulo a pamsewu. Kwawo kunali ku Chipata. Anali mkulu wa mpingo pa tchalitchi china chomwe chimasonkhana pamwamba pa shopu ya nsomba zouma, ndipo ntchito yawo inali yolengeza. Ankaikonda kwambiri.

Mwana wawo Stacey atayamba maphunziro a udokotala ku yunivesite, a Kasuba analengeza Lamlungu lomwelo kuti, "Abale, m'nyumba mwanga mukubwera dokotala." Sanafunse kuti dokotala wa chiyani. Mpingo unadikira zaka zinayi, aliyense akusunga nthenda yake.

Pa phwando lomaliza maphunziro, mayi Beatrice, mtsogoleri wa kwaya, anakokera Stacey pakona n'kumuonetsa bondo lotupa.

"Anti, ine si dokotala wa kuchipatala," anatero Stacey m'Chinyanja chake chotsimphina. "Ndimafufuza mabuku a nthano a ku France."

"Nthano?"

Stacey anafotokoza. Anati m'zaka za m'ma 1800 asayansi ankafukula mafupa ndi nkhwangwa zamiyala, n'kumanena kuti munthu sanayambe monga alili lero, koma anasintha pang'onopang'ono, ndipo ndi pachibale ndi anyani. Olemba nkhani a ku France, omwe kale ankalemba za mafumu awo, ataona kuti mbiri ya munthu yatalika chonchi, ena anayamba kulemba za anthu okhala m'mapanga.

Mayi Beatrice anaphimba bondo lawo. "Ndiye zaka zinayi kuwerenga za anyani? M'Chifalansa?"

Pofika kumapeto kwa phwando nkhani inali itazungulira holo yonse. A Kasuba anapita kunyumba osadya keke.

"Wandivula pagulu," anauza mwana wawoyo m'mawa mwake. "Bweretsa mabukuwo. Undimasulire limodzilimodzi, ndiwatsutse ndi Malemba."

Anayamba Loweruka masana, pa tebulo la kukhitchini. Sabata yoyamba Stacey sankatha tsamba bambo ake osamudula ndi Genesis. Sabata yachiwiri anamudula kawiri kokha. Sabata yachitatu Baibulo linatsala kuchipinda, chifukwa mlenje wa m'nkhaniyo anali atatsekeredwa m'phanga ndi chilombo, ndipo a Kasuba ankafuna kudziwa ngati atulukamo.

Kenaka tsiku lina anakweza dzanja ngati akuimitsa galimoto.

"Taima kaye. Mlenje wanzeruyu, wamtali, wa mphuno yowongoka, ndi wa kuti?"

"Ndi kholo la Afalansa, Dadi."

"Nanga aja aubweya, akuda, ongobuula osalankhula?"

Stacey anamwetulira. "Mwafika pa chaputala chachitatu cha kafukufuku wanga."

A Kasuba analoza bukulo. "Ndiye kuti sayansi inati tonse tinachokera kumodzi, koma wolembayu anapita pa mzere wa anyani n'kudzisankhira wokongola kuti akhale agogo ake?"

Lolemba anagula kope. Pa nthawi yopuma, anzawo akumwa tiyi, iwo ankalemba buku lawo atatsamira chiwongolero. M'buku lawolo munthu woyamba anali wa ku Chipata, dzina lake Chimuka. Anayenda wapansi kulowera kumpoto, ana ake khumi ndi awiri ali pambuyo. Atafika ku France anapeza kuzizira kokhakokha, nkhono ndi achule. Anabwerera kwawo, koma ana atatu aulesi anakana kuyendanso, n'kukhazikika komweko kumadya zomwe anapezazo.

Vuto la a Kasuba linali kusasunga pakamwa. Anawerengera mayi Beatrice masamba awiri, ndipo Lachinayi lomwelo anaitanidwa ku komiti ya mpingo.

"A Kasuba," anafunsa abusa Abednego, "kodi mwayamba kukhulupirira kuti munachokera kwa nyani?"

"Ine ayi, abusa. Ine ndine wa Adamu. Koma anthu ena omwe amakwera basi yanga osagunda khadi lolipirira, sindingawaikire umboni."

Komiti inalamula kuti awerenge kopelo mokweza kuti mlandu uoneke bwino. Anawerenga maola awiri. Mlembi wa komiti anaiwala kulemba. Pamene Chimuka ankawoloka mtsinje wa ng'ona, abusa anamveka akuti, "Ambuye mumuthandize." Pomaliza anagamula kuti a Kasuba asalengeze miyezi itatu, komanso kuti chaputala chilichonse chatsopano azibwera nacho Lachinayi kuti komiti izichiunika. Palibe membala anajombapo.

Chaka chatha a Kasuba anapuma pantchito n'kusamukira ku Romford. Makope tsopano afika asanu, ndipo Stacey anawatayipira n'kuwamangira chikuto cholimba. A Kasuba anapita nalo bukulo ku laibulale yapafupi kukapereka ngati mphatso. Mtsikana wogwira ntchito pamenepo anawathokoza mwaulemu, n'kunena kuti ngati angalilandire aliika pa shelefu ya nkhani zopeka.

"Zopeka?" anatero a Kasuba. "Mwana wanga, iwe unalipo?"

Analitenga bukulo, n'kukaliika okha pa shelefu ya mbiri yakale. Lachiwiri lililonse amapitako kukaona ngati alichotsa, ndipo akapeza kuti alichotsa amalibwezera.