Lamba wa Chikopa cha Pamimba

Anthu a mumsewu umenewo ankawatchula kuti a Singanoziwiri, chifukwa posoka chikopa ankagwira singano ziwiri, ina kumanja ina kumanzere, zonse pa ulusi umodzi. Dzina lawo lenileni linalembedwa pa chiphaso cha malonda chimene chinkalendewera kuseri kwa chitseko, koma palibe ankachiwerenga. Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda zoyankhulayankhula. Chala chawo chachikulu chakumanja chinauma gwa ngati chiboda.

Ntchito ya chikopa anaiyambira pa nsapato. Zaka khumi ndi zinayi anakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, kumata zidendene ndi kusoka zong'ambika. Za agalu zinabwera zokha. Tsiku lina kapitawo wa kampani ina ya alonda anaima pakhondepo atanyamula lamba wa m'khosi mwa galu, ulusi uli lendelende.

"Bambo, mungasoke ichi? Za mashinizi ukangoduka ulusi pamodzi, zonse zimamasuka ngati juzi yoluka."

A Singanoziwiri anasoka lambayo kapitawo akuyang'ana. M'bowo lililonse ankalowetsa singano imodzi kuchokera uku, inayo kuchokera uko, n'kukoka mbali zonse ziwiri. Atamaliza anatenga mpeni, n'kudula dala ulusi pamalo amodzi, n'kupereka lambayo.

"Kokani," anatero.

Kapitawo anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, koma msoko sunagwedere. Sabata yotsatira anabweretsa malamba khumi ndi awiri. Chaka chisanathe a Singanoziwiri anasiya nsapato, n'kuchita lendi kachipinda pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa matayala akale.

Kachipindako kanali ndi zenera limodzi. Pansi pa zenerapo panali tebulo la matabwa okhuthala, pambali pake chipika cha mtengo wolimba chokhomerapo mabowo. Posoka ankakhala pa benchi yokhala ndi matabwa awiri oimirira, amene ankapana chikopa ngati mano kuti manja onse akhale omasuka. Zida zawo zinali zochepa ndipo chilichonse chinali ndi msomali wake pakhoma: mpeni wa lumo lokhota, chitsulo cha mano asanu ndi limodzi chonga foloko cholembera poyenda ulusi, kachitsulo kosongoka koboolera, nyundo yamtengo, ndi mwala wonolera umene unakumbika pakati. Phula la njuchi lopaka ulusi ankalisunga m'chitini cha polishi.

Ankati lamba wa galu amayambira pa ng'ombe. Chikopa cha pamsana, m'mbali mwa fupa, ndicho cholimba ndipo sichitanuka. Cha pamimba n'chofewa, chimakongola bwino ukachipaka mafuta, koma chikanyowa n'kuuma kangapo chimatanuka. Ankadula mzere wautali kutsata msana. Pomwe chikopa chikapindike kuzungulira chingwinjiri ankapapala ndi mpeni kuti pachepe, n'kumata ndi guluu. Kenako ankakumba kangalande kakang'ono m'mbali kuti ulusi ugone m'kati, galu akamadzikanda asaupeze ndi zikhadabo. Pomaliza msoko ankabwerera m'mbuyo mabowo atatu, n'kuwotcha nsonga za ulusi ndi machesi.

Kumaliza m'mphepete inali ntchito ya akazi awo. Mayiwo ankabwera m'mawa akamaliza za kunyumba, n'kukhala pa mpando wapulasitiki pakhomo pomwe pali kuwala. Ankapala ngodya za chikopa, kupitapo ndi sandipepa, kunyowetsa ndi chala, kenako kupekesa ndi kafupa kosalala mpaka m'mphepete muchite phuliphuli. Pamapeto pake ankapaka phula n'kupukuta ndi chinsanza cha jinzi. Ankati m'mphepete mokhakhala mumasosola ubweya wa galu, ndipo mwini wake sanena kuti lamba ndi woipa, amangosiya kubwera.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, amene anakwatiwa kutali. Galu sanawetepo. Makasitomala akabwera ndi agalu awo, a Singanoziwiri ankapereka chingwe kwa mwini galu kuti ayeze yekha khosi, iwo ataima kuseri kwa tebulo.

"Musiye mpata wa zala ziwiri," ankatero ali chapatali.

Ometa tsitsi, amene pakamwa pawo sipankatsekeka, ankawaseka tsiku ndi tsiku. "Achimwene, agalu a tauni yonse mwawaveka malamba. Inu buluku mukumangira waya wa magetsi. Kapena mpaka muyambe kuuwa?"

A Singanoziwiri ankangomwetulira n'kupitiriza kukoka ulusi.

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi zinayi. M'chaka chachikhumi, nthawi ya mvula, galimoto yobweretsa zikopa kuchokera kofufuta inasiya kubwera chifukwa mlatho unakokoloka. Sabata yomweyo kapitawo uja anafika ndi uthenga woti kampani yagula agalu asanu ndi mmodzi, akuluakulu, ndipo Lolemba ayamba ntchito. Chikopa chimene chinatsala m'chipindamo chinatulutsa mizere isanu ya pamsana. Wachisanu ndi chimodzi unasowa. A Singanoziwiri anachitembenuza chikopacho uku ndi uku, anayeza ndi tepi kawiri, kenako anatsitsa mpeni chakumimba n'kudula.

Lamba ameneyo anamusoka mosamala kuposa anzake. Atafika m'manja mwa akazi awo, mayiwo anangomupinda kamodzi pakati pa zala n'kutukula maso.

"Bambo, ichi n'cha pamimba."

"Ndikudziwa. Ndaika ziwiri n'kusokera pamodzi. Chikopa chikangobwera ndikamusintha."

"Mwatero," anatero mayiwo, n'kutenga kafupa kawo.

Chikopa chinabwera patatha masabata atatu. Pofika nthawiyo agalu aja anali atagawidwa m'malo osiyanasiyana, wina kumalo osungira katundu, wina kunyumba za mabwana. A Singanoziwiri anafunsako kamodzi kwa kapitawo kuti galu wakuda amene anavala lamba wa pamimba uja ali kuti, kapitawo nati akafufuza. Sanafufuze, ndipo iwo sanafunsenso. Ntchito zina zinabwera, nkhaniyo inakwiririka.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, m'mawa wina mlonda wa kampaniyo ankabwerera ndi galu wakuda uja kuchokera ku ntchito. Podutsa pa siteji ya basi, galuyo anadzidzimuka ndi hutala ya lole n'kukokera m'mbuyo. Lamba anali atatanuka kale, bowo la chomangira litakula ngati diso. Mutu wa galu unapulumuka m'lambamo. Pafupi panaima mayi wina wosesa m'maofesi, akudikira basi. Galu anamuluma pa katumba, ndipo pamene mayiyo ankadziteteza anamulumanso dzanja. Kuchipatala anamusoka, koma zala ziwiri sizinapindikenso.

Akampani anati mlonda ndiye sanamange bwino lamba. Anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, apolisi n'kumutsekera. Tsiku lachitatu kapitawo anabwera kudzatenga a Singanoziwiri kuti akaperekere umboni.

"Palibe chovuta, bambo," anatero panjira. "Mukangonena kuti lamba wanu ndi wolimba, mlonda uja ndiye anamanga molekerera. Ntchito yanu tonse timaidziwa."

Akazi awo anatseka chipinda n'kutsatira m'mbuyo.

Ku polisi anawalowetsa mu ofesi ya makoma obiriwira. Wapolisi wamkazi, wa magalasi, anali kuseri kwa tebulo. Pabenchi ya kukhoma panakhala mlonda uja, bambo wa imvi zapatalipatali, wopanda nsapato, manja ali pakati pa maondo. Lamba anali patebulo m'pepala lapulasitiki.

A Singanoziwiri anamutulutsa. Msoko unali wonse, ulusi osaduka ngakhale pamodzi. Anayang'ana mzere umene chomangira chinadinda pachikopa, ndipo unali pa bowo lachitatu, loyenera khosi la galu uja. Anakoka lambayo ndi manja awiri, n'kumuona akutanuka pang'ono ngati mphira. Anamuika pansi.

"Bambo awa anamanga bwino," anatero. "Chikopachi n'cha pamimba. Chatanuka ndi mvula. Ndinadula ndine."

Wapolisi anasiya kulemba. "Bambo, mukumvetsa zimene mukunenazi?"

"Ndikumvetsa, bwana."

"Munkadziwa podula?"

"Ndinkadziwa. Ndinati ndidzasintha, sindinasinthe."

Kapitawo anayang'ana kudenga n'kupuma mozama. Wapolisi anatembenuza pepala, n'kuyamba kulemba pa tsamba latsopano. Madzulo a tsikulo mlonda anatulutsidwa.

Pobwerera anayenda mpaka kudutsa msika. Apo m'pamene akazi awo anati, "Mukanapanda kunena, ndikananena ine."

"Ndinaona mmene munakhalira," anayankha.

Nkhaniyo inatha kubwalo la milandu patapita miyezi. Woweruza anapeza kuti kampani nayo inali ndi mbali yake, chifukwa sinkayendera zida za agalu ake, ndipo anailamula kupepesa mayi wolumidwayo. Anawadzudzulanso a Singanoziwiri pagulu n'kuwalamula kuti nawonso apepese. Kampani sinawapatsenso ntchito. Mlonda uja sanabwezeredwe pa ntchito yake. Anayamba kukweza katundu ku depoti ya basi, ndipo akamadutsa mumsewu wa a Singanoziwiri ankayenda tsidya linalo, osapereka moni.

Kwa mayi wosesa uja a Singanoziwiri anapitako kawiri. Ulendo woyamba amuna ake anawabweza pakhomo. Ulendo wachiwiri anamupeza yekha, atakhala pamasitepe, akuyesa kusenda anyezi ndi dzanja lamanzere.

"Ndiye ndinu munasoka lamba uja?"

"Ndine, mayi."

"Ndinamva kuti mumasoka bwino."

"Kusoka ndinasoka bwino. Chinalakwika n'chikopa."

Mayiyo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kutukula dzanja lamanja kuti alione. "Ulusi wanu uli bwinobwino ku polisi. Dzanja langa ndi ili." Anatola anyezi wina. "Mwabwera, ndakuonani. Pitani bwino."

A Singanoziwiri anatsazika chipewa chili m'manja.

Chaka chotsatira chinali chowawa. Mbiri inayenda mumsewu wonse kuti malamba a a Singanoziwiri amalumitsa anthu. Ometa tsitsi anasiya nthabwala ya buluku, ndipo kusiyako kunawapweteka kuposa nthabwalayo. Masiku ena ankatsekula chipinda, kunola mpeni, kusesa, n'kutsekanso osagwira singano. Akazi awo anayamba kusoka timatumba ta makiyi ndi ta mafoni ndi zidutswa za pamimba, n'kumakagulitsa pa siteji.

M'chaka chimenecho a Singanoziwiri anakhoma mbedza pa mtanda wa denga. Lamba aliyense akatha ankamuviika m'madzi, kumuumitsa, n'kumupachika pambedzapo ndi ndowa yodzaza miyala masiku awiri. Ankayeza ndi tepi asanapachike ndi atatsitsa. Akatalika ndi theka la chikhadabo, ankamudula pakati n'kumuponya m'katoni. Makasitomala ochepa amene ankabwerabe ankadandaula kuti ntchito ikuchedwa, iwo n'kungoloza ndowayo.

Amene anawabwezera anthu anali dokotala wa ziweto, mayi wachikulire wa chipatala cha agalu ndi amphaka kumapeto kwa tauni. Anamva nkhaniyo kwa wapolisi uja, amene ankapita ndi mphaka wake kumeneko. Tsiku lina anabwera, anayang'ana ndowa, anapinda malamba awiri atatu, n'kuitanitsa asanu oti azigulitsa kuchipatala kwake. Sanafunse za mlandu. Pang'onopang'ono kunayamba kubwera eni agalu a m'makomo, ena kufuna zingwe zoyendera, ena zomangira pachifuwa za agalu okoka kwambiri. Ntchito sinachulukenso ngati kale, koma inakwana anthu awiri.

Atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi zala zinayamba kuuma, makamaka nyengo yozizira. Singano inkawapulumuka. Anasinthana malo ndi akazi awo popanda kukambirana: mayiwo anakhala pa benchi yopanira, iwo anakhala pakhomo ndi kafupa. Kudula kokha ndiko sanalole munthu wina. Ankayala chikopa patebulo, kuchisisita ndi chikhatho kuchokera pamsana kutsika, n'kuika chizindikiro cha choko pomwe dzanja lawauza kuti aime.

Anamwalira atadwala chibayo masabata awiri. Kumaliro kunabwera ometa tsitsi, ogulitsa matayala, dokotala wa ziweto, ndi anthu ena amene abale sanawadziwe. Mwana wawo anachonderera mayi ake kuti anyamukire limodzi.

"Amayi, mukhala ndi yani kuno?"

"Pali chikopa chimene bambo ako anachilemba kale choko. Ndichimalize kaye."

Chikopacho chinatulutsa malamba khumi ndi mmodzi. Mayiwo anawasoka okha m'miyezi itatu, n'kukawasiya kuchipatala cha ziweto. Kenako analongedza zida m'katoni ya sopo, anapereka makiyi kwa eni nyumba, n'kukwera basi ya m'mawa. Benchi yopanira inakana kulowa m'basi, ndiye inatsala kwa ometa tsitsi, amene amakhazikapo makasitomala odikira. M'kachipindamo tsopano mukugulitsidwa ndowa ndi mabeseni apulasitiki.